Kiyi wa Chimbudzi cha Odwala Mtima

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Chipatala,

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada polemba kalatayi, ngakhale maondo anga ayamba kulira ngati chitseko chakale. Pepani kuti ndalunjika kwa inu, koma paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Ine ndine telala wamba. Zochepa zimene ndikudziwa za mankhwala ndaphunzirira pa benchi ya chipatala chanu, pomwe ndimaperekeza akazi anga Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse, chiwapezereni ndi mtima wofooka komanso mphumu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha sukulu yaulere. Tsopano ndikudziwa kuti kapiritsi kapinki kamatsitsa kuthamanga kwa magazi, kachikasu kamaletsa magazi kuundana, ndipo chopopera m'kamwa chija chimatsegula njira za mpweya. Chikasowa, monga chimachitira miyezi yambiri, mumatiphunzitsanso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiye pali koyera, kakang'ono ngati batani la malaya, kochotsa madzi m'thupi. Anatiuza kuti azimwa m'mawa uliwonse kuti miyendo isatupe ndiponso madzi asadzaze m'mapapo. Kamagwira ntchito, bwana. Ola lisanathe munthu amakhala atanyamuka kale kawiri.

Chachiwiri, ndikuyamikireni pa ukhondo. Chimbudzi cha ku kiliniki ya mtima chiyenera kuti ndi choyera kuposa zonse, popeza chiikireni loko chaka chatha palibe wachidetsapo. Kiyi amasunga mayi wokolopa, amene amakolopa nyumba zitatu. Ukamupeza amati kiyi ali ndi a sisita. A sisita amati ali ku ofesi. Ku ofesi kuli msonkhano. Chimbudzi china chili kuseri kwa mochapira zovala, ulendo woti wa mphumu amapumira kanayi panjira, ndipo pobwerako amapeza dzina lake litaitanidwa kale, buku lake lili pansi penipeni pa mulu.

Odwala anu si opusa, anapeza nzeru. Tsiku la kiliniki koyera kaja sakakhudza, ena amasiyiratu dzulo lake. Amalangizana monong'ona pa benchi pomwepo. Akazi anga anayamba kutero kuchokera tsiku limene anadzinyowetsera pamzere anthu akuona, mmodzi mwa iwo bambo wandevu amene akazi angawo anamuphunzitsa kuwerenga ali mwana. Zaka makumi atatu akugwira choko, bwana. Tinabwerera kunyumba iwo atamanga jekete yanga m'chiuno. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikundiwawabe.

Chachitatu, apa pokha ndikuvulirani chipewa. Dokotala wa tsikulo, munthu wotopa amene amaona anthu makumi asanu ndi limodzi asanadye, akadinda chala pa mwendo wotupa n'kumvetsera pachifuwa, amapukusa mutu n'kunena kuti mankhwala achepa. Basi amawonjezera. Akazi anga anayamba ndi theka la piritsi, lero ali pa awiri, ndipo masiku ena onse a mwezi amamwa mokhulupirika. Sabata yatha chizungulire chinawagwetsa pafupi ndi mbaula, milomo itauma gwa. Akanapendekera mbali inayo, kalatayi ikanakhala ya mtundu wina.

Ndinawachonderera kuti akanene zoona. Anangoti, "Abambo, ndikanene kuti chiyani? Kuti ndimaopa kukodzera benchi yawo?" Ndinayesa kunena ndine, koma mwezi uliwonse timapeza dokotala wina, ndipo m'buku la wodwala mulibe mzere wolembapo za loko.

Pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha kuti mutsegule chimbudzi, ndikudziwa kuti nkhani yaikulu chotere imafuna komiti. Ndikungokuitanani kuti mudzatichezere Lachiwiri likudzali, mutavala suti yanu yowala ija imene ili pa chithunzi cha pakhomo lolowera. Malo pa benchi ndidzakusungirani. Tiyi ndidzabwera naye m'fulasiki. Akazi anga avomera kukugawirani kapiritsi koyera kamodzi, pakuti tsopano ali nato tokwanira ndi alendo omwe. Mudzamwe m'mawa monga mwa lamulo, kenako mudzangokhala nafe mpaka dzina lawo litaitanidwa, nthawi zambiri cha m'ma 2 koloko masana.

Mukadzakwanitsa, bwana, ndidzawauza akazi anga pamaso panu kuti vuto ndi iwowo.

Ine wanu wodzichepetsa,
Telala wa kumapeto kwa benchi,
mwamuna wa wodwala nambala 63