Ndinapha injini ya amalume a Esinati

Anzanga, mukandiona matuza m'manjamu musandifunse, ndikuuzani ndekha. Ine ndine makanika wa maminibasi kuno ku Kabwe, ndipo m'komboni yonse ya Chowa amadziwa kuti injini ikatsokomola ndimangomvetsera ndi khutu n'kutchula matenda ake. Kudzitama kumeneku ndi kumene kunandigwetsa m'mbuna.

Esinati, mkazi amene ndikufuna kukwatira, ali ndi amalume ake, a Tembo, msodzi wa ku dambo la Lukanga. Iwowa ndiwo ankhoswe, akapanda kugwedeza mutu ukwati palibe. Tsiku lina anatulukira ku Nakoli kwa mlongo wawo, mayi ake a Esinati, atanyamula injini ya boti yokulunga m'saka, akuti yatha mphamvu, imangolira koma boti likuyenda ngati nkhono. Ankafuna kupita nayo kwa katswiri wa zamaboti. Ine kumva choncho mtima unati mwayi ndi uwu, mkamwini aonetse ntchito!

"Atate, osavutika," ndinatero. "Injini ni injini chabe. Lelo lomba izachila."

"Munagwilapo ya pa manzi, a Daka?" anafunsa a Tembo.

Ndinaseka, anzanga, ndinaseka ndithu pamaso pa munthu wamkulu.

Ndinaimangirira pa thabwa pansi pa mtengo wa mango, banja lonse litakhala pakhonde kuonerera, Esinati akumwetulira monyadira. Ndinachotsa mapulagi, anali abwinobwino, koma ndinapukusa mutu ngati dokotala woona zoopsa n'kuikamo atsopano. Ndinamasula kabuleta, kasipuling'i kakang'ono kanadumphira m'fumbi, ndiye ndinayamba kukwawa ndi maondo pabwalo la apongozi, thalauza la kutchalitchi lili mbuu. Nditakapeza ndinabwezera zonse n'kunena kuti tsopano tiyese.

"Sitiika mu dilamu ya manzi?" anatero a Tembo. "Kwathu timachita so."

"Yayi atate, pa manzi sinizamvela bwino saundi."

Mwamva? Ine wozolowera rediyeta, sindinadzifunse n'komwe kuti kanthu kameneka kamazizira bwanji. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti kamamwa madzi a m'dambo momwemo? Ndikanadziwa ndikanangomvera, basi.

Ndinakoka chingwe, inalira, ana anaombera m'manja. Ndinaonjeza moto, ndinaonjezanso, khutu ndatchera, maso ndatsinzina kuti aone ukatswiri. Fungo la labala wopsa litafika ndinati ndi anansi akuotcha zinyalala. Kenako utsi uja, kenako kaphokoso ngati munthu wotsamwa, kenako zii. Ndinagwira chingwe kuti ndikokenso, chinakana kusuntha, injini yauma gwa, yotentha moti ukanakazingapo dzira.

Ndikuŵerama kuti ndibise nkhope, m'pamene maso anga anagwera pa chopalasira madzi cha kumunsi kwa injiniyo, chimene sindinachiyang'ane chiyambire. Kuseri kwake kunali kutakulungika ulusi wa ukonde, wothina ngati mfundo ya mtolo. Matenda onse anali amenewo, ofuna kampeni chabe. Ndinamva manyazi osaneneka, ndipo chisoni chinandigwira poona a Tembo akusisita injini yawo, chifukwa ndi imene imadyetsa ana awo. Esinati analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Sanandikalipire a Tembo, bola akanatero. Anangoti, "Nkhani ya chikwati tizakamba injini ikauka. Manje boti siingakhale chabe. Muli na mapewa yabwino, a Daka."

Ndiye Loweruka lililonse ndimakwera galimoto ya ku Lukanga, tikalowa m'boti a Tembo amakhala kutsogolo n'kumaloza ndi chala, ine kumbuyo ndi nkhafi, udzudzu ukundidya, asodzi anzawo akufuula kuti injini yatsopanoyi imamwa tiyi. Zitsulo zoti ziutse yakaleyo sizinapezekebe, ndipo Esinati amandiyankha foni ndi mawu amodziamodzi.

Ndalumbira, anzanga. Chinthu chopanda matayala, ngakhale chilire motani pamaso panga, ndidzangopereka moni n'kudutsa.