Kulapa kwa Masikono

Abusa athu a Kamwendo akamalalikira amayenda ngati anyamula ndowa ziwiri zodzadza: phewa uku, phewa uko, kenako chala m'mwamba, mawu otulukira m'mphuno, "Abaaale, ndani akulapa lero?" Ndimawatsanzira bwino zedi, koma lero woti mumuseke ndi ineyo. Nkhaniyi ndi yamanyazi, chonde isakafike kuntchito ku Rosslyn.

Mpingo wathu, wa ife obwera kudzagwira ntchito kunja kuno, umachita lendi kaholo ku Sunnyside. Mwambo wake ngwakuti olapa amawalowetsa m'kachipinda kakumbuyo kukawalangiza. Ulendo woyamba ndinalapa zenizeni, za mowa. Eish, m'kachipindamo ndinapezamo tiyi wamkaka ndi masikono a Amayi Phiri a mumpingo mwathu, omwe anaphunzira kuphika kukhitchini kwa madamu amene amawagwirira ntchito. Ofewa, otentha, batala akuchita kuyenderera. Ukaluma, kwaya ya angelo m'makutu.

Sabata yotsatira ndinalapanso. Yachitatu ndinagwada mpaka kugwetsa msozi. Pofika yachisanu ndi chimodzi ndinkadzuka abusa asanamalize funso.

Osadziwa ine kuti mpingo ukuwerenga. Anthu anayamba kunong'ona kuti wolapa sabata iliyonse ali ndi tchimo lomukanirira. Mkazi wanga, amake Tadala, analipatsa dzina tchimolo: chibwenzi. Anasecha foni, ananunkhiza malaya, kenako anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadirobu, akuti akubwerera kwawo ku Ntcheu.

Lamulungu lachisanu ndi chiwiri abusa analalikira maso ali pa ine. Anati Mulungu ngoleza mtima, inde, koma si wopusa; wolapa m'mawa n'kubwerera ku tchimo lomwelo madzulo, tsiku lina adzapeza chitseko chotseka. Ine ameni wamphamvu, kumumvera chisoni wochimwayo. Atangoitana olapa, ndinali kale kutsogolo.

M'kachipinda muja munalibe tiyi. Munali abusa, Amayi Phiri, ndi mkazi wanga atakhalira sutikesi.

"Achimwene, mutchuleni dzina mkaziyo," anatero abusa.

Ndinalumbira kuti kulibe mkazi. Anafunsa kuti nanga chimandikokera kutsogolo sabata iliyonse n'chiyani. Maso anga opanda nzeruwa anathamangira kwa Amayi Phiri, poti mbale yovundikira ya masikono inali pamiyendo pawo. Ndinamezanso malovu.

"Ndi awa?" mkazi wanga anadumpha pa sutikesi.

Amayi Phiri, oti akhoza kundibereka, anagwira pamtima. "Ine? Mwana iwe, ndili ndi zidzukulu zisanu!"

Abusa anavula magalasi. Amake Tadala anagwira chogwirira cha sutikesi. Ndinaliona banja langa likukwera basi ya ku Ntcheu, ine nditatsala ndi sipuni imodzi.

"Ndi masikono, abusa! Ndimalapira masikono!"

Kenako phewa uku, phewa uko, abusa akugwedezeka ndi chiseko mpaka kutsamira khoma. Atapeza mpweya anandiuza kuti ndigwade, poti lero ndiye ndili ndi cholapa chenicheni. Ndinalapa chouma, wopanda tiyi, mkazi wanga akudya sikono langa pamaso panga.

Malire a kuleza mtima kwa Mulungu sindikuwadziwa, koma a amake Tadala ali pa seveni.