Tsiku limene ndinasambitsa malume tiyi

Pali nkhani zina zoyenera kuuza abusa okha, koma poti iyi inamveka kale Ndirande yense, bola muimve kwa mwiniwakene.

Zinali zaka zija matipate atangoyamba, aliyense ali ndi ufulu woyankhula, ine ndili ndi ufulu wokhala pakhomo. Ku koleji anali atandipempha mwaulemu kuti ndikapume kaye (mpaka lero sanandiitane). Ndinkasungidwa ndi malume anga a Makwinja, telala wa pakhonde, amene ankasokera mayunifomu antchito a Bwana Lau, Mtchaina wa ku Hong Kong wa sitolo ya zitsulo ku Limbe. Atamva kuti bwanayo akufuna kalaliki, anatchula dzina langa. Bwana Lau anati tikakumane Loweruka masana pa lesitilanti ya mnzake m'tauni, tikakambirane tikudya dimu samu, tizakudya tating'ono tobwera m'timadengu tansungwi.

Mu minibasi malume anandinong'oneza, "Mphwanga, kadyedwe ka anthu amenewa umakadziwa?"

"Tinaphunzira chaka choyamba, malume." (Chaka choyamba n'chokhacho chimene ndinakhalako, ndipo za Atchaina munalibemo.)

"Basi, ine ndizingoonera iwe."

Titangokhala, woperekera zakudya anaika patebulo ketulo, mbale yaikulu yopanda kanthu, timakapu ndi timitengo timene Atchaina amadyera. Nthawi yomweyo Bwana Lau anaitanidwa ku foni. Ndinayang'ana ketulo, ndinayang'ana mbale, mtima unakhala pansi. Jagi ndi beseni! Kani anthu tonse ndife amodzi. Ndinaimirira monga mwana woleredwa bwino.

"Malume, sambani."

"Madzi ake bwanji akuoneka ofiirira?"

"Muli mankhwala opha majeremusi. Anzathuwa ali patsogolo."

Ndinathira. Malume ndi mkulu wampingo, sakuwa pagulu. Anangotseka maso n'kunena chapansipansi, "Yehova." Manja sanachotse, poti ankakhulupirira maphunziro anga. Inenso sindinasiye, poti wamkulu asanachotse manja susiya kuthira. Tinapitiriza choncho mpaka ketulo inatha.

Bwana Lau anatipeza nthunzi ikufuka m'zala za malume. Anaitanitsa ketulo ina ya tiyi yongophulidwa kumene, n'kutsukira timakapu ndi timitengo mu tiyiyo, zotsukazo n'kukhuthulira m'mbale ija. Apo ndi pamene ndinadziwa ntchito ya beseni langa.

Kenaka anafunsa, "A Makwinja, manja mwatani?"

Malume, pofuna kupulumutsa ntchito ya mphwawo, ananama kwa nthawi yoyamba chibatizidwire. "Ndi mwambo wa kwathu ku Mulanje, bwana. Pa nkhani yaikulu timasamba tiyi."

Bwana Lau anali munthu wolemekeza miyambo ya eni dziko. Anagwedeza mutu, anapinda mikono ya malaya, natambasulira manja ake pamwamba pa mbale, akundiyang'ana ine.

Abale, ndinali ndi njira ziwiri: kuulula kuti mkulu wampingo wanama, kapena kuthira. Ndinayang'ana malume. Malume anayang'ana kudenga.

Ndinathira.

Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa Bwana Lau sindiwadziwa tanthauzo lake, koma ophika onse anatuluka m'khitchini, wina ali ndi mpeni m'manja.

Timadengu tinayamba kufika: timitanda tofewa tokulunga nyama, tina toonekera mkati ngati pepala lonyowa, mpaka zipalapasiro zofiira zomwe kwathu timagula pachiwaya, kuno zitavala suti. Koma patebulo ponse munthu wa zala zogwira ntchito ndinali ine ndekha. Akuluakulu awiriwo anaviika manja m'madzi ozizira, akundionerera. Chakudya sachitaya. Ndinadya mwachisoni, dengu ndi dengu, ngati wodya pamaliro.

Potsanzikana Bwana Lau anati adzatumiza uthenga. Uthengawo uyenera kuti unakwera minibasi imodzi ndi kalata ya ku koleji.

Zala za malume zinatuluka matuza, mayunifomu akudikira. Lolemba m'mawa anandikhazika pamakina, iwo ali kumbuyo kwanga manja ali m'mwamba, akulamula: "Ponda! Wongola nsalu, wa ku koleji iwe!" Choncho ntchito ndinaipezadi kudzera mwa Bwana Lau, ndipo pakhondepo ndidakalipo.

Malume anandikhululukira kalekale. Kungoti mpaka lero ndikanyamula jagi kuti ndiwasambitse, amabisa manja kumbuyo n'kunena, "Yamba ndiwe, mphwanga."