Chowala pa Ubatizo wa Tadala

Cholakwa changa chinali ukhondo. Nditagula kamera ya filimu pamsika wa zakale, ndinapeza kansalu kakuda konata m'mphepete mwa kachitseko kake. Ndinati ndi litsiro, n'kukapala konse ndi chotokosera m'mano mpaka pamalopo panati mbee.

A Mbewe, anzathu a khomo loyang'anizana nalo kuno ku Dennistoun, m'dziko la azungu, anandipempha kuti ndikajambule ubatizo wa mwana wawo Tadala. Agogo ake ku Ntcheu ankangomuonera pa foni, ndipo ankafuna chithunzi chogwirika, chopachika pakhoma. Akulu a mpingo wathu salola kukweza mafoni nthawi ya mapemphero, choncho wojambula ndinali ine ndekha. (Ndinavala ndi tayi yemwe.)

Masiku amenewo ndinkawerenga buku la ku laibulale lonena za asilikali omwe ankafufuza zithunzi za zinthu zachilendo zouluka, zimene ena amati ndi zombo za alendo ochokera ku nyenyezi. Sukulu ndinalekeza panjira, ndiye ndimalipsira pa mabuku. Koma ili ndinaliika pansi pomwe panathera masamba a zithunzi.

Zithunzi zitatsukidwa, ndinatsegula envelopu m'basi. Choyamba chinali cha panja pa tchalitchi, ndipo pamwamba pa denga panali chinthu chozungulira, chowala, chofiirira m'mbali. Kwathu bwenzi titati ndi lichero la afiti, koma ine ndinali munthu wowerenga. Zotsalazo sindinaziyang'ane n'komwe. Ndinapitirira siteji yanga.

Mayi a kunyumba anafunsa ngati mwana watuluka bwino. Ndinawayankha kuti nkhani yakula kuposa mwana. Lamlungu ndinachionetsa kwa azibambo pa tiyi, ndipo ndinafunsa mnyamata wina wa ku yunivesite kuti asilikali a kuno amapezeka kuti. Ndinali nditakonzeka kale m'mutu momwe ndidzawalandirire, ndi mpando umene adzakhalepo wamkulu wawo.

Madzulo ake a Mbewe anagogoda, atanyamula felemu yatsopano. Tinakhala patebulo n'kuyamba kuona chimodzichimodzi. Pa chithunzi chachiwiri chinthu chija chinali pakhomo la tchalitchi. Pa chachitatu chinali chitalowa m'kati, chili pa phewa la abusa. Pa cha madzi a ubatizo chinakhala ndendende pankhope ya Tadala, n'kungosiya timiyendo ndi nsonga ya shawelo.

"Alendo anuwa ndi opemphera ndithu," anatero a Mbewe motsitsa mawu. Sanaseke. Felemu ija anaitembenuza chafufumimba.

Mawa lake ndinamaliza buku lija. Asilikaliwo, ataunika zithunzi zimene anthu ankawatumizira, anapeza kuti zina zinali zilema za filimu chabe: dontho la mankhwala otsukira, kukalika, kapena kuwala kolowera pamng'alu wa kamera. Kansalu kamene ndinapala kaja ntchito yake inali kutseka mng'alu womwewo.

Chimene chimandiganizitsa mpaka lero si kamera. Ndi kuti ndinali ndi zithunzi zonse m'thumba, koma ndinasankha kuona chimodzi. Munthu ukakhala zaka m'dziko la eni, kukwera basi popanda wokupatsa moni, umalakalaka kuti ngakhale thambo likuzindikire. Ndinkafuna chinthucho chikhale chenicheni kuposa momwe ndinkafunira kuti mwana aoneke, pamene gogo wina ku Ntcheu anali atakhoma kale msomali.

Patapita masabata angapo, ndinapita kukapepesa. A Mbewe ndinawapeza pamasitepe akutsitsa kangolo ka mwana, ndipo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, za asilikali ndi zonse.

"Achimwene, chithunzicho tatumiza chomwecho," anatero. "Amayi achipachika, akuti timiyendo ndi ta kwathu. Koma pa ukwati wa Tadala, inu mudzangonyamula mipando."