Manja Anga Ali M'thumba, Bwana Diretori

Meluluca,
Boma la Lago.

Kwa Olemekezeka Bwana Diretori,
Ofesi Yothandiza Anthu Ochotsedwa Ntchito,
Kumtunda kozizira uko.

Bwana wanga,

Ndagwada pamaso panu. Ndiyambe ndi kupepesa chifukwa cha zilembo zokhotakhotazi. Kalatayi ndikuilembera kuseri kwa bafa, pepala lili pabondo, kuopa kuti wina angandione ndikugwiritsa ntchito dzanja n'kukandinenera kwa inu.

Ndine Sufiane Jafari. Simundidziwa, ndipo sindikukuimbani mlandu, poti munthu wamkulu sangadziwe nyerere iliyonse ndi dzina. Ndinkagwira ntchito ku Kazizira Limitada ku Metangula, kunyamula jelu, madzi oundana aja asodzi amasungira chambo. Ndinanyamula mpaka phewa langa lamanja linaiwala kuti kunja kuno kumatentha. Mwezi uliwonse ankandidula kangachepe pamalipiro, ati kakupita kuthumba lanu kuti tsiku la tsoka mudzandigwire pamkono. Tsiku la tsokalo linafika chaka chatha. Patrau, mwini kampaniyo, anakweza makina palole, natigwira chanza mmodzimmodzi, nanyamuka. Chiyambireni mwandichitira zazikulu, ndipo ndingakhale munthu wopanda mwambo nditapanda kuthokoza.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa chondionetsa dziko. Kale Lichinga, kumene kuli ofesi yanuko, ndinkangoimva kwa anthu. Lero madalaivala a chapa, timabasi tathu tija, amandiitana ndi dzina, ndipo phiri la ku Maniamba ndimalidziwa bwino poti ndakankhapo galimoto. Ulendo uliwonse ndimapeza sistema ya makompyuta anu ikudwala. Mundiperekere mafuno abwino, Mulungu aichize.

Chachiwiri, ndikuthokoza kwambiri ponditumizira fisikali wanu, a Ernesto, kuti adzaone ndi maso awo ngati ndilidi lova. Munthu waulemu, wonunkhira bwino, wa nsapato zosongoka. Anafika m'mawa atafunsira njira, n'kundipeza pagombe ndagwira chingwe cha khoka la apongozi anga, a Salum. Anatulutsa foni, anandijambula, ndipo ine chitsiru ndinamwetulira.

Pano ndilole ndikufotokozereni kanthu kakang'ono, Bwana, ngakhale ndikudziwa kuti munaphunzira kwambiri. Kuno khoka likamakokedwa, aliyense wodutsa amagwira chingwe. Mwana wopita ku eskola ndi mabuku ake amagwira, mayi wodzatsuka mbale amagwira, shehe amakwinya mkanjo n'kugwira. Khoka likatuluka, mwini wake amakupatsa kautaka kodzaza m'manja kuti ukaone ndiwo. Palibe amalembedwa ntchito, palibe amachotsedwa. Munthu wodutsa osagwira timamufunsa ngati akudwala, akati ali bwino timayamba kumuopa.

A Ernesto nawonso anagwira, Bwana! Ndikulumbira. A Salum atawakuwira kuti alendo musangoima, anapinda thalauzi, nsapato anakoleka pakhosi, anakoka nafe kwinaku akuseka. Anawapatsa utaka wodzaza pulasitiki, wabwino weniweni, poti mlendo sitimupatsa zotsalira. Anathokoza, anakwera njinga yawo yamoto, ndipo atafika kumtundako analemba kuti Sufiane Jafari ali pantchito, ndi msodzi. Ha! Ine amene bwato likangogwedezeka ndimasanza. Zikomo pondikweza paudindo.

Chachitatu, ndikuthokoza chifukwa cha chifundo chanu nditabwera kudzadandaula. Mayi wa pazenera anandiuza kuti nkhani yanga sinafe. Ati fisikali adzabweranso tsiku losadziwika, ndipo akadzandipeza ndisakugwira kanthu kalikonse, chithandizo chidzatuluka. Ndinafunsa kuti kanthu kalikonse n'chiyani. Anati ndi kanthu kalikonse, n'kutseka zenera.

Ndamvera, Bwana. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ine ndadekha mpaka thalauzi labooka m'matumba. Khasu sindiligwira. Nkhuni sindiwaza. Dzana ndinali nditanyamula ndowa ya madzi ndikuthandiza mkazi wanga Khairat, ndinangoona nsapato zakuda zikubwera m'njira, ndowa ija ndinaiponya pansi n'kudzigwetsa pamchenga ngati wakomoka. Anali a Zakariya, katekisiti wa Anglikana, akupita kumaliro. Anandipempherera, ine Msilamu, ndipo ndinayankha ameni chifukwa cha manyazi. Ku mzikiti ndikamakweza manja ndimayamba ndasuzumira pazenera. Mundiuzeko ngati kumeneko nakonso mumakuwerengera.

Koma chachinayi ndiye chandigwetsa ulesi, ndipo apa kuthokoza kukundivuta pang'ono. Sabata yatha khoka la a Salum linagwira utaka umene sitinauonepo chaka chino. Anthu anali ochepa, ambiri atapita kumunda. Mwera unayamba. A Salum, nkhalamba ya imvi, anali m'madzi mpaka m'chiuno akukuwa dzina langa. Khairat anali pachingwe, mwana kumbuyo. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango, manja m'thumba, maso kunjira, kudikira njinga yamoto. Chingwe cha mbali imodzi chinawapulumuka, khoka linatseguka, nsomba zonse zinabwerera kwawo. Panalibe wotukwana. Onse anangocheuka n'kundiyang'ana, ndipo kukanakhala bwino akanandimenya.

Bwana, ine kuno ndili pachikamwini. Kwathu ndi kutali. Nyumba imene ndimagonayi ndinamanga ndine, koma dothi lake ndi la akuchikazi, ndipo ana ndi awo. Mkamwini wopanda ntchito amamupirira, poti tsoka limagwera aliyense. Mkamwini woonerera apongozi ake akulimbana ndi khoka alibe womuikira kumbuyo. Ndayesa kufotokoza kuti ndi lamulo la boma. A Salum anafunsa ngati boma limenelo ndi limene linandipatsa mwana wawo. Moni wanga masiku ano amayankha akuyang'ana mbuzi.

Abale a mkazi wanga agwirizana kuti Lachisanu likudzali, tikatuluka mu mzikiti, adzakhala pansi. Ngati kufikira tsikulo ndidzakhale ndisanagwire chingwe, ndidzamange katundu wanga ndione msewu. Khairat sakufuna zimenezi. Usiku amandisisita phewa lozizira lija, koma m'mawa amalira akusesa, ndipo wandiuza poyera kuti sangasiye bambo ake n'kutsata munthu amene akudikira njinga yamoto. Sindimunena. Mkazi ameneyu ndimamukonda, Bwana, ndipo ndikaganiza zodzuka kwina osamva ana anga akukanganirana kapu, mtima umandiwawa kwambiri. Ndinalira mvula, ndalira ndi matope omwe.

Ndiye taonani pamene mwandiika mwa nzeru zanu zakuya. Ndikagwira chingwe, ndine msodzi, chithandizo chapita. Ndikapanda kugwira, ndine lova weniweni monga mukufunira, koma banja lapita. Ine mutu wanga ndi wonyamulira jelu, sungathe kumasula zimenezi.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Mutumize fisikali lisanafike Lachisanu, adzandione ndili chikhalire, ajambule, alembe, kuti ine ndithamangire kugombe ndikagwire chingwe apongozi akuona. Mafuta a njinga akavuta, asadandaule, a chapa ndawauza kale kuti amutenge pa dzina langa.

Zimenezi zikakanika, Loweruka m'mawa ndidzakhala ndilibe kogona, ndiye ndidzakwera chapa ndi kamphasa kanga kubwera komweko. Mudzangondipatsa mpando umodzi mu ofesi yanu, pakona paliponse, kuti muzidzandiona nokha tsiku ndi tsiku ndisakugwira kanthu kalikonse. Ndaphunzira bwino, sindidzakuchititsani manyazi. Chimodzi chokha, mudzandimangirire kansalu pamkono, kuti pakutha pa mwezi wolipira malipiro asadzandisokoneze ndi anzanu ogwira ntchito mmenemo.

Ine wanu wogwada, womvera lamulo mpaka kutha nalo banja,

Sufiane Jafari,
Msodzi m'mabuku anu, mlesi m'maso mwa apongozi.