Chitsamba Chimene a Malachy Sanalawe

Kuno ku Leitrim a Malachy Gilhooly ankadziwika ndi chinthu chimodzi: sankadutsa chitsamba cha mabulosi akutchire osachilawa. Ogasiti akangofika, milomo yawo inkada bii, manja ali mabala a minga okhaokha, ndipo kutchalitchi ankafika anthu akutuluka.

Sikunali kususuka ayi. Akazi awo, Attracta, ankaphika jamu amene mudzi wonse unkanyambita naye zala, koma anamwalira osaulula kumene ankathyola mabulosiwo. Botolo lomaliza litatha, a Malachy analumbira kuti chitsambacho achipeza asanafe.

Amene ndinaona zakuda ndine, woyandikana nawo nyumba. Ankalowa kukhitchini kwanga ndi kachitini kawo ngati kwawo.

"Nuala, taphika awa. Ndi a kumlatho."

"Si dzana lomweli munati a kumlatho ndi owawasa?"

"Amenewo anali a kumtunda kwa mlatho, mwana iwe. Awa ndi a kumunsi."

Ndinkaphika ndikutukwana chamumtima. Shuga, kaapozi kosapsa, moto wapang'onopang'ono, monga ankachitira malemuwo. Iwo ankapaka pabuledi, n'kutsinzina, n'kumatafuna ngati ng'ombe yobzikula.

"Wakoma, koma ali duu. Wa Attracta ankayankhula."

Ankafuna kudziwa zonse: ngati chitsamba chimaona dzuwa la m'mawa, ngati nkhosa zimakodzerapo, ngati pafupi pali madzi. Tsiku lina nkhunzi ya mwini munda inawapeza akulawa m'mpanda mwake. Anadumpha chipata ali ndi zaka zawo zonse zija, buluku litang'ambika mpaka m'chiuno, koma kachitini sikanatayike ngakhale bulosi limodzi.

Tonse timadziwa kuti Okutobala akatha mabulosi sathyoledwa, chifukwa Puka, mzimu wakutchire uja, amakhala atawalavulira. A Malachy anaganiza zina.

"Bwanji ngati malovuwo ndiye mchere wake?"

"Mufa, akulu inu."

"Ndifa ndikudziwa."

Anadya odzaza chipewa. M'mimba munawatsegula mpaka wansembe wathu, Abambo Kerrigan, anabwera ndi mafuta odzozera odwala.

"Mwamupeza Puka, a Malachy?"

"Ayi abambo, wandipeza ndi iyeyo."

Malo amodzi okha ndi amene sankalawako: kumanda. Khoma la kumeneko ladzaza ndi mabulosi akuluakulu, koma kuno sitidya zomera pa akufa, ndipo a Malachy ankaopa mizimu ya akufa kuposa mwana. Akapita kukaona Attracta ankapisa manja m'matumba, kuopa kuti angaiwale.

Anatisiya Seputembala wa chaka chatha, ali pampando, kachitini kali pamiyendo. Tinakawaika pambali pa akazi awo, m'munsi mwa khoma lomwelo. Anthu atayamba kubalalika, ndinaona mlamu wawo, a Dympna, mchemwali wa Attracta, akuthyola bulosi pamwamba pa mtumbira n'kuponya m'kamwa.

"A Dympna! Kumanda?"

"Nanga iwe unkayesa Attracta ankabwera ndi ndowa kumanda a amayi athu kudzatani? Kudzathirira miyala?"



"Ndiye munkadziwa? Zaka zonsezi munthu akuthamangitsidwa ndi ng'ombe?"

"Ndikanamuuza bwanji kuti wadya za kumanda ukwati wake wonse? Akanagwa pompo. Komanso," anatero akupukuta m'maso, "chinkamudzutsa m'mawa n'chiyani? Atachipeza akanakhala pansi n'kumadikira kutsatira Attracta basi."

Ndinawakwiyira, ndisaname. Komabe mawa lake ndinapita ndi kachitini kaja n'kuthyola ndikupepesa kwa onse ogona pamenepo. Nditaphika ndinapaka pabuledi, n'kutsinzina monga ankachitira eni ake. Jamuyo anayankhula. Ndinalira ndekha m'khitchinimo, chifukwa panalibe woti ndimuuze.

Chaka chino mabulosi abereka mpaka nthambi kuwerama, koma msewu wa kumlatho uli zii. Palibe wokuimitsa kuti akufunse kumene nkhosa zako zimakodza. Chitseko changa sichitsegukanso popanda odi, ndipo ndapeza kuti zimenezo sindikuzikonda.

Ndinadutsa kumanda dzana. Nthambi imodzi yatsika pakhoma n'kugona pamtumbira wawo, ndipo mabulosi akapsa amangogwera pomwepo.

"Ndi amenewa, a Malachy," ndinawauza. "Tulutsani manja m'matumba."