Mphero ya a Elena Ili M'chipilala Chanu

Chongoni,
Okutobala 1912

Kwa Bwana Wamkulu wa pa Boma,

Bwana, ndagwada. Ine Gerevazio, nkhalamba yosadziwa kanthu, ndati ndithokoze chifukwa cha chipilala chimene mwamanga m'munda wanu wa maluwa pokumbukira malemu Bwana Chindevu. Ndinapita kukachiona. N'chachitali ndithu. Aphunzitsi a Timoteyo, amene akundilembera kalatayi, anandiwerengera mawu ali pamenepo, akuti bwanayo ndiye anapeza phiri lathu.

Choyamba, ndikuchitira umboni kuti n'zoona. Ndinalipo tsikulo, nditasenza kutsogolo kwa machila awo. Iwo anali m'tulo, ndipo ndinawadzutsa ndine kuti alione. Kale lonse ife tinkangotola nkhuni m'phirimo, osadziwa kuti linasowa.

Chachiwiri, ndiyamike nzeru za amesenjala anu. Munawatuma miyala yosalala, khomo lililonse umodzi. Ataona kuti yam'phiri ili kutali, anangolowa m'makonde mwathu n'kutola mphero zonse za m'mudzi. Ya akazi anga, a Elena, imene anawasiyira mayi awo, inapita ufa uli pomwepo. Mwanamphero anatisiyira, ndipo chifundo chimenechi sitidzachiiwala. A Elena analira masiku awiri. Ndinawauza kuti si mayi aliyense amene mwala wake umaitanidwa ku Boma, koma sanandimve.

Chachitatu ndi kanthu kakang'ono. Mitambo yayamba kusonkhana. Msana wanga unatsala m'machila muja, moti khasu sindilitha. Munda wanga amandilimira anzanga pa dima, ndipo palibe amabwera ku dima kopanda mowa. Chimera cha mawere chauma, chili m'dengu, popera palibe. Tayesa mumtondo, chikungothawa munsi. Kunena zoona, Bwana, ndili ndi mantha. Mvula ikagwa tisanalime, chaka chino ine ndi a Elena tidzabwera kudzadya maluwa anuwo, ndipo ndaona kuti ndi ochepa.

Musaganize kuti ndikupempha kuti mugumule chipilala. Ndine yani ine? Mpheroyo taiona. Amisiri anu anaiyala chagada pa sitepe yoyamba, mbali ya kum'mawa, ndipo tinaizindikira ndi kadzenje kamene manja a apongozi anga anasiya pakati pake.

Pempho langa ndi ili lokha. Uzani alonda alole a Elena kulowa m'mundamo Lachinayi likudzali, ndi dengu lawo ndi mwanamphero, apere pomwepo. Inu simudzaluzapo kanthu. Mwina simunaonepo mayi akupera: amagwada, n'kumaweramira kutsogolo, kuwerama, kuwerama, mpaka dzuwa kupendeka. Alendo anu akadzaona zimenezo adzalemba kwawo kuti anthu a kuno ankamukonda kwambiri Bwana Chindevu. Misozi musavutike nayo, a Elena abweretsa yawo.

Ine wantchito wanu wa kutsogolo kwa machila,
Gerevazio